Chimanga chikupsa, nyanja ikusefukira: tiimvetse bwanji nyengo ya kuno kuchigwa?



Chaka cha 2024 chinatisiyira funso lomwe mpaka pano likumvekabe m'madooko ndi pakhonde la mzikiti tikatuluka ku Jumuah. Mu Febuluwale mvula inadula kwa masabata angapo, chimanga m'minda yambiri chinafota chili pafupi kumasula, ndipo pa 23 Malichi mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo a Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi ya njala. Koma m'miyezi yomweyo nyanja inkangokwera. Pofika Epulo inali itapitirira mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja zamchere, n'kulowa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota. Nanga zimatheka bwanji kuti kumunda kukhale chilala, kunyanja madzi achite kusowa kopita? Yankho lake likutithandiza kudziwa tsiku lodzala, mbewu yogula, malo omanga nyumba ndi nthawi yolowa pamadzi. Tiyeni tiyende nalo pang'onopang'ono.

Nyengo zitatu za kuno

Tonse tikudziwa kuti chaka chathu chili ndi zigawo zitatu. Dzinja limayamba cha mu Novembala kapena Disembala mpaka Malichi kapena Epulo. Kenako nyengo yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nthawi ya mwera. Pomaliza chilimwe chotentha, Seputembala mpaka mvula itagwa, ndipo Okutobala ndi Novembala ndiye pachimake.

Chomwe chimatisiyanitsa ndi anzathu a kumtunda ndi malo omwe tinakhala. Nyanja ili pa mamita pafupifupi 474, ndipo midzi yathu yangokwera pang'ono kuchokera pamenepo. Ku boma la Dedza kuli pa mamita pafupifupi 1,600. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse omwe munthu wakwera. N'chifukwa chake mukamatsika msewu wa Khwekhwelele m'mawa, pamwamba mumavala juzi, pofika pa Golomoti thukuta lili kamukamu. Boma ndi limodzi, koma nyengo ndi ziwiri. Mbewu yomwe yachita bwino ku Bembeke siingangobwera kuno n'kuchitanso chimodzimodzi, chifukwa kuno dzuwa limamwa chinyontho cha m'nthaka mofulumira kwambiri.

Mvula yathu imachokera kuti

Mvula ya dzinja imabwera pomwe mphepo zochokera mbali zosiyana zakumana. Malo okumanirana mphepowa amatsata dzuwa: amatsika kuchokera kumpoto cha kumapeto kwa chaka, n'kubwereranso cha mu Malichi ndi Epulo. Palinso mpweya wachinyontho wochokera ku nkhalango za ku Congo, womwe umabweretsa mvula ya masiku angapo yosalekeza. Gwero lachitatu ndi anamondwe ochokera ku nyanja yamchere ya India kudzera ku Mozambique. Mayina awo sitingawaiwale: Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Gombe mu Malichi 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023 yemwe anapha anthu mazanamazana kuchigawo chakummwera.

Pamwamba pa zonsezi pali El Niño. Uku ndi kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific, kutali kwambiri ndi kuno, komwe kumasokoneza kayendedwe ka mphepo padziko lonse. El Niño akabwera, kawirikawiri kummwera kwa Malawi ndi madera ngati athuwa kumachepa mvula, pomwe kumpoto ndi ku Tanzania imagwa yambiri. Chilala cha 1991/92, cha 2015/16 ndi cha 2023/24 chinadza m'zaka za El Niño. Mfundo imeneyi muisunge, tibwereranso kwa iyo.

Kutentha kwakweradi

Akuluakulu akamati masiku ano kukutentha kuposa kale, sakunama ayi. Kafukufuku yemwe anachitika mothandizidwa ndi bungwe la UNDP anapeza kuti pakati pa 1960 ndi 2006 kutentha kwa dziko la Malawi kunakwera ndi madigiri 0.9. Anapezanso kuti pakati pa 1960 ndi 2003 masiku otentha kwambiri anawonjezeka ndi pafupifupi 30 pachaka, ndipo mausiku otentha anawonjezeka ndi pafupifupi 40.

Wina atha kunena kuti digiri imodzi n'chiyani, kanthu kochepa ngati kameneko. Koma kuno kuchigwa tili kale m'mphepete. Chimanga chikamamasula, mungu wa ku ngayaye umawonongeka kutentha kukapitirira madigiri 35, makamaka nthaka ikakhala youma. Zotsatira zake ndi zija timaziona pokolola: chitsononkho chachikulu koma maso apatalipatali. Mpunga nawonso ukamachita maluwa pa kutentha kotere umabereka mankhusu opanda kanthu. Usiku ukatentha mbewu imapuma mothamanga, n'kumadya chakudya chomwe inapanga masana, mmalo mochisunga m'njere. Ndipo mpweya wotentha umakoka madzi ambiri kuchokera m'nthaka, m'madambo ndi m'zitsime. Choncho ngakhale mvula itagwa yofanana ndi ya kale, munda umauma msanga kuposa kale.

Mvula: vuto ndi kagwedwe kake

Pa nkhani ya mvula tiyenera kusamala polankhula. Kafukufuku yemweyo sanapeze umboni wamphamvu woti mvula ya chaka chonse, ukaiphatikiza, yatsika m'dziko muno. Zaka zina imachuluka, zina imachepa, monga zinkachitikira kale. Ngakhale makolo athu anaona njala ya 1949. Chomwe alimi ambiri akudandaula nacho ndi kagwedwe kake: kuchedwa kuyamba, kudula pakati, kenako kugwa yamphamvu tsiku limodzi.

Tiwerengere limodzi. Akati kwagwa milimita imodzi ya mvula, ndiye kuti pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi pathiridwa lita imodzi ya madzi. Mvula ya mamilimita 25 pa ekala imodzi ndi malita opitirira pang'ono 100,000. Madzi onsewo akagwa pang'onopang'ono usiku wonse amalowa pansi. Akagwa mu ola limodzi pa nthaka yambee, ambiri amathamangira kumtsinje atanyamula dothi lathu. Akatswiri amatinso mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kusunga chinyontho chowonjezera ndi magawo 7 pa 100 alionse. Ndiye kuti umachedwa kukhuta, koma ukakhuta umakhuthula zambiri nthawi imodzi. Ng'amba yaitali ndi mvula yamkuntho zimatha kuchokera ku gwero limodzi.

Ife tili pansi pa mapiri, ndipo izi zimawonjezera vuto. Nadzipulu, Namikokwe, Livulezi ndi Bwanje zimayambira kumtunda. Mitengo ikatha kumapiri ndi m'nkhalango ya Mua-Livulezi chifukwa cha makala ndi kulima m'malo otsetsereka, madzi satsika pang'onopang'ono ngati kale. Amabwera onse pakamodzi, ngakhale tsiku lomwe kuno sikunagwe dontho, n'kusiya mchenga m'minda ndi m'ngalande zothirira. Pofika Seputembala mtsinje womwewo wasanduka njira ya ng'ombe.

Chifukwa chake nyanja imakwera munda ukuuma

Nyanja yathu ndi yaitali makilomita opitirira 560, ndipo pamalo ozama kwambiri, chakumpoto, imafika mamita pafupifupi 700. Madzi ake ambiri sachokera kuno. Amachokera ku mvula yogwera pamwamba pa nyanjayo, komanso ku mitsinje ikuluikulu monga Ruhuhu wa ku Tanzania, Songwe, Rukuru, Dwangwa, Bua ndi Linthipe. Kumpoto kumagwa mvula yambiri kuposa kuno, ndipo madera ena kumeneko imapitirira mpaka Epulo ndi Meyi. N'chifukwa chake nyanja imafika pachimake cha mu Epulo kapena Meyi, ife titasiya kale kuona mvula, ndipo imatsikitsitsa cha mu Novembala kapena Disembala.

Apa ndi pomwe El Niño uja akulowa. Mu 2024 anatimana mvula kuno, koma kumpoto ndi ku Tanzania inagwa yochuluka, ndipo inapeza nyanja ili yodzadza kale ndi mvula ya zaka zam'mbuyo. Munda umadalira mvula ya sabata ino pamudzi pano. Nyanja imasonkhanitsa mvula ya zaka zingapo ya m'maiko atatu.

Potulukira madzi ndi pamodzi pokha, mtsinje wa Shire ku Mangochi, womwe amauwongolera pa Kamuzu Barrage ku Liwonde kuyambira 1965. Koma Shire amatulutsa gawo lochepa chabe. Madzi ambiri omwe nyanja imataya, pafupifupi magawo anayi mwa asanu, amauluka ndi dzuwa ndi mphepo. Ndiye kutentha kukamakwera, m'zaka za mvula yochepa nyanja idzatsika msanga. Mbiri ikutichenjeza mbali zonse ziwiri. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja inatsika moti Shire anasiya kutuluka. Mu 1980 inakwera kufika pa mamita pafupifupi 477. Mu 1997 inatsikanso kwambiri, ndipo mu 2016 ndi 2017 kutsika kwake kunachititsa kuti magetsi azithimathima dziko lonse. Gombe lomwe mukuliona lero si malire okhazikika. Womanga nyumba, mzikiti kapena thandala la usipa afunse akuluakulu pomwe madzi anafika mu 1980, osati pomwe ali chaka chino.

Mwera ndi mphika wa usipa

Asodzi amadana ndi mwera, ndipo chifukwa chake n'chomveka: wamiza mabwato ambiri. Koma mwera womwewo ndi amene amadyetsa nyanja. Madzi apamwamba amakhala ofunda, madigiri 28 kapena kuposerapo m'nyengo yotentha, pomwe apansi amakhala ozizirirapo, cha m'ma 22 kapena 23. Madzi ofunda ndi opepuka, ndiye amakhala pamwamba ngati chivundikiro. Zonse zomwe zafa m'nyanja zimamira n'kukaolera pansi, ndipo chonde chimaunjikana kumeneko. Kupitirira mamita 200 kapena 250 kulibe ndi mpweya womwe woti nsomba n'kupuma.

Mwera ukaomba kuchokera kummwera, umakankhira madzi ofunda apamwamba chakumpoto. Kuno kummwera kwa nyanja madzi ozizira a pansi amakwera kudzatenga malo, atanyamula chonde chija. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumathandizanso kuti madzi asakanikirane. Chonde chikafika pomwe pali kuwala, tizomera ting'onoting'ono ta m'madzi timachuluka, tizilombo todya tizomerato timachulukanso, ndipo usipa ndi utaka zimapeza chakudya. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe mbali ya kummwera kwa nyanja, kuphatikizapo nthambi ino ya pakati pa ife ndi Malembo, ili ndi nsomba zambiri.

Nkhawa ili apa. Akatswiri omwe anayerekeza miyezo ya zaka pafupifupi 60, kuyambira cha m'ma 1939, anapeza kuti madzi a pansi pa nyanja anafunda ndi madigiri pafupifupi 0.7, ndipo anati chifukwa chachikulu ndi choti nyengo yozizira siikuzizira ngati kale. Nyengo yozizira ikafooka, kusakanikirana kwa madzi kumachepa, ndipo chakudya cha nsomba chingachepe nacho.

Komabe tisanamizire nyengo zonse. Chambo sichinathe chifukwa cha dzuwa. Chinachepa chifukwa cha kuchuluka kwa maukonde, nkacha ndi makoka a maso ang'onoang'ono, kugwiritsa ntchito masikito opewera udzudzu popha tiana ta nsomba, kudula mabango ndi udzu wa m'madzi momwe nsomba zimabisala, ndi matope ochokera m'minda yathu omwe amakwirira zisa za chambo. Mpasa ndi ntchila zomwe zimakwera mitsinje kukaswana zimapeza mitsinje yodzadza mchenga. Izi ndi za manja athu, ndipo ndi zomwe tingathe kukonza.

Tichitenji kumunda

Choyamba, tisathamangire chizimalupsa. Mvula ya mu Okutobala ndi yozimitsa lupsa basi. Tisanadzale tikumbe ndi khasu tione ngati chinyontho chalowa kuya kwa chikhatho kapena kuposerapo, ndipo timvere ulosi wa nthambi yoona zanyengo, womwe umatuluka dzinja lisanayambe n'kumabwerezedwa pa wailesi. Alangizi a ku Golomoti ndi ku Mtakataka amakhala ndi uthenga wa dera lathu lino, womwe ndi wothandiza kuposa wa dziko lonse.

Chachiwiri, tisaike chiyembekezo chonse pa mbewu imodzi. Chimanga chocha msanga chimapulumuka mvula ikatha mu Malichi. Pambali pake pakhale mapira, chinangwa, mbatata, khobwe, nandolo kapena chitowe. Makolo athu ankalima mapira kuchigwa kuno chifukwa ankaidziwa nyengo yake.

Chachitatu, madzi agwire ntchito pomwe agwera. Akalozera ndi udzu wa vetiva, mizere yotseka ngati mabokosi, mapesi ophimbira nthaka mmalo mowatentha, manyowa a khola, zonsezi zimapatsa munda masiku owonjezera opirira ng'amba. Nthawi zambiri kusiyana kwa wokolola ndi wosakolola ndi sabata imodzi yokha ya chinyontho. Mitengo ya msangu yomwe ili m'minda yathu tisaidule: imayoyola masamba m'dzinja, ndiye siitchinga mbewu, ndipo imathira chonde.

Chachinayi, ulimi wothirira. Sikimu ya Bwanje, ya mahekitala pafupifupi 800, inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan ndipo imadalira mtsinje wa Namikokwe. Pambuyo pake panamangidwanso damu ndi thandizo la European Union kuti madzi azipezeka m'chilimwe. Koma damu limakhala ndi moyo ngati kumtunda kuli mitengo. Mlimi wa mpunga wa kuno ndi wootcha makala wa kuphiri amamwa mtsinje umodzi, ndipo nkhani imeneyi ndi yofunika kuikamba ndi mafumu a dera lonse la Kachindamoto. Mutu umodzi susenza denga.

Tisaiwalenso kuyendera munda kawirikawiri. Mbozi za ntchemberezandonda zimalusa kwambiri kukatentha ndi kuchita ng'amba.

Tichitenji kunyanja

Chenjezo la mwera likaperekedwa, bwato likhale kumtunda. Usipa udzapezeka mawa, koma bambo wa ana sagulidwa pamsika. M'dzinja mpoto ndi mphepo za mabingu zimadzuka mwadzidzidzi, ndiye a chilimira opita usiku azionetsetsa kuti foni ili ndi moto ndipo a kumtunda akudziwa komwe alowera.

Nyengo yotseka nyanja, yomwe imayamba pa 1 Novembala, tiilemekeze ngakhale woyang'anira palibe. Ndi nthawi yomwe chambo chikuswana. Anzathu a ku chilumba cha Mbenji ku Salima, motsogozedwa ndi mfumu Makanjira, akhala akutseka malo awo miyezi ya dzinja kwa zaka makumi angapo, ndipo mbiri ya nsomba za kumeneko ikudziwika dziko lonse. Komiti ya padooko isakhale ya dzina lokha.

Amayi ogula ndi kuyanika usipa amadziwa kuti mitambo ya tsiku limodzi imatha kuwononga mpamba wonse. M'madooko ena a ku Mangochi ndi Salima anayamba kuyanikira m'timanyumba ta pulasitiki toumitsa ndi dzuwa. Magulu a amayi a m'mizikiti yathu atha kusonkha n'kumanga kamodzi kothandiza onse.

Mbali ya chipembedzo chathu

Mvula ili m'manja mwa Allah, ndipo ikachedwa Sunnah yatipatsa swala ya Istisqa yopempha mvula. Koma kuyedzamira kwa Allah sikutanthauza kupinda manja. Mu Surah Yusuf timamva za zaka zisanu ndi ziwiri za zokolola zambiri zomwe zinatsatiridwa ndi zaka zisanu ndi ziwiri za njala, ndipo anthu anapulumuka chifukwa chosunga. Phunziro lake kwa ife ndi losavuta: chaka chabwino tisagulitse chimanga ndi mpunga wonse mu Meyi pamtengo wolira, n'kudzagulanso mu Januwale pamtengo woboola m'thumba.

Zakaat ya zokolola nayonso imazindikira kusiyana kwa madzi. Mbewu yomwe yakula ndi mvula imaperekedwa gawo limodzi mwa magawo 10, pomwe yothiriridwa movutikira kapena molipira imaperekedwa gawo limodzi mwa magawo 20. Mulingo woyambira ndi pafupifupi makilogalamu 653, kapena kuti matumba 13 a makilogalamu 50. Tsatanetsatane wake tifunse mashehe athu. Mudzi womwe zakaat yake yasonkhanitsidwa bwino pokolola umakhala ndi nkhokwe ya amasiye ndi okalamba mu Febuluwale.

Palinso nkhani ya kalendala. Ramadan imabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse. Mu 2024 inayamba cha pakati pa Malichi, mu 2025 kumayambiriro kwa Malichi. M'zaka zikubwerazi izidutsa mu Febuluwale ndi Januwale, miyezi yopalira, yobandira komanso ya njala, ndipo pofika cha m'ma 2035 idzakhala mu Novembala ndi Okutobala, pachimake pa kutentha. Mabanja ayambe kuzolowera kupatula thumba la futari ndi daku pa nthawi yokolola, komanso kugwira ntchito zolemetsa m'mamawa Fajr ikangotha.

Pomaliza, tili ndi pempho limodzi kwa makomiti a mizikiti ndi aphunzitsi a madrasa. Pezani choyezera mvula, alangizi atha kukuthandizani, ndi kope limodzi. Mwana mmodzi azilemba tsiku lililonse lomwe mvula yagwa ndi kuchuluka kwake, tsiku lomwe anthu adzala, masiku a ng'amba, tsiku lomwe mwera wayamba, ndi pomwe madzi a nyanja afika pa mtengo kapena mwala wodziwika mu Meyi ndi mu Disembala. Pakatha zaka zisanu kope limenelo lidzayankha mafunso omwe lero timangotsutsana pakamwa, ndipo lidzakhala la mudzi wathu weniweni.

Allah atipatse mvula yothandiza yosaononga, ateteze asodzi athu pamadzi, ndipo adalitse minda yathu. Ameen.